Njanji yakale, m'mbali mwa mtsinje, phula kapena fumbi: kusankha njira ya ulendo wa panjinga m'dziko la zitunda

Dziko la zitunda ndi zigwa limakopa maso. Mukaliona pachithunzi, minda itayala uku ndi uku, msewu ukukwera pang'ono n'kutsikanso, mumati apa ndiye munthu angapalase tsiku lonse osatopa. Koma tizitunda timeneti sititha. Phiri lalikulu mumalikwera kamodzi, ndipo pothera pake mumapadziwa. Kachitunda ka mamita 40 mukangokamaliza kumatulukira kena, kenako kena, ndipo pofika madzulo mwakwera mamita 1,000 musanaone phiri ndi limodzi lomwe. Ambiri amene amasiyira ulendo panjira amausiyira pamenepa, chifukwa posankha njira anawerenga makilomita okha.

ZOYAMBA KUYANG'ANA

Choyamba ndi kuchuluka kwa chikweza. Mapu abwino a njinga amalemba mtunda wa njira pamodzi ndi mamita onse amene mudzakwere. Gawani mamitawo ndi makilomita. Mukapeza osafika 5 pa kilomita iliyonse, njirayo ndi yofewa. Akafika 10, konzekani kutuluka thukuta. Akapitirira 15 ndipo muli ndi katundu pa kaliyala, dziwani kuti pena mudzatsika n'kumakankha njinga.

Ena amati chimene wataya pokwera umachibweza potsetsereka. Masamu ake amakana. Kilomita imodzi yokwera pa liwiro la makilomita 6 pa ola imadya mphindi 10. Kilomita yotsika pa liwiro la 30 imadya mphindi 2. Makilomita awiriwo mwawayenda mphindi 12, pamene pachidikha, mukupalasa mosathamanga pa liwiro la 16, mukanangotenga mphindi 7 ndi theka. Ndiye tsiku limene pachidikha mungayende makilomita 80, m'zitunda lembani 50.

Chachiwiri ndi pansi pomwe tayala lidzaponde: phula, miyala yoswa yotsendereza, dothi kapena makande. Chachitatu ndi magalimoto, chifukwa msewu wokongola umene mumadutsa malole umakusowetsani mtendere mpaka kukongolako osakuonanso. Chachinayi ndi kutalikirana kwa madzi, chakudya, malo ogona ndi siteshoni ya sitima yothawirapo zinthu zikavuta. Ndipo ngati muli pagulu, njira iyezedwe ndi miyendo ya amene ali wofooka kwambiri, pa tsiku lachitatu la ulendo, ntchafu zitauma kale ndipo chishalo chayamba kuwawa.

Pansipa pali mitundu inayi ya njira. Uliwonse tiuona pa ndalama, kupezeka kwake, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

1. NJIRA ZOTSATA NJANJI ZAKALE

Sitima siikwera chitunda chakuthwa. Amene ankayala njanji ankadula zitunda, kukwirira zigwa, kumanga milatho ndi kuboola mapiri kuti chikweza chisapitirire mamita 2 kapena 3 pa mamita 100 alionse. Sitima zitasiya kuyenda, zitsulo zinazulidwa ndipo njirazo zinapatsidwa kwa apanjinga ndi oyenda pansi. Mumadutsa pakati penipeni pa dziko la zitunda, koma zitundazo mumangoziona ndi maso.

Ndalama: Njira zambiri za mtunduwu n'zaulere. Otago Central Rail Trail ya ku New Zealand, ya makilomita 152 kuchokera ku Clyde kukafika ku Middlemarch, salipiritsa, chimodzimodzinso Katy Trail ya ku Missouri m'dziko la America, yomwe ndi yotalika makilomita oposa 380. Njinga wamba yokhala ndi magiya ochepa imakwana. Ndalama zimathera pa malo ogona ndi pa galimoto yokubwezani kumene munayambira, popeza njanji imapita mbali imodzi, siizungulira. M'timatauni ting'onoting'ono nyumba zogona alendo zimakhala zochepa, motero mtengo wake sutsika.

Kupezeka: Zafala kwambiri. Dziko la Spain linayamba kusandutsa njanji zake zakale kukhala Vías Verdes mu 1993, ndipo imodzi mwa izo, Vía Verde del Aceite, imayenda makilomita oposa 100 pakati pa minda ya azitona m'zigawo za Jaén ndi Córdoba. Vennbahn, ya makilomita 125, imachoka ku Aachen ku Germany, kudutsa m'Belgium, n'kukathera ku Troisvierges ku Luxembourg, ndipo mbali yaikulu ndi ya phula. Vuto ndi lakuti zina n'zazifupi: Tissington Trail ya ku England ndi ya makilomita 21 okha, ulendo wa m'mawa umodzi. Kuti mupange masiku angapo muyenera kuzilumikiza ndi misewu wamba, ndipo zitunda zimene munazizemba zija mumakumana nazo polumikizirapo.

Kasamalidwe: Njira zimenezi zimakhala ndi eni ake. Ya ku Otago, yomwe inatsegulidwa yonse mu 2000, imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yosamalira zachilengedwe mogwirizana ndi bungwe la anthu a m'deralo, ndipo Katy Trail ndi paki ya boma la Missouri. Njinga siivutika kwambiri. Pa miyala yoswa fumbi loyera limamatirira kutcheni, ndiye madzulo alionse pukutani tcheni ndi kansanza, dontheza oyilo pang'ono, n'kupukutanso. Matayala a mamilimita 35 mpaka 40 amayenda bwino.

Zoopsa: Magalimoto palibe, koma njirayo imadula misewu kawirikawiri, ndipo munthu amene wapalasa ola lonse osamanga buleki amaiwala kuyang'ana. M'njira zoboola phiri mumakhala mdima ndi chinyontho, choncho tengani tochi. Katy Trail imatsata mtsinje wa Missouri, ndipo mtsinjewo ukasefukira, monga unachitira mu 1993, mbali zina zimatsekedwa. Kumwera kwa Spain dzuwa la Julayi ndi Ogasiti limafika madigiri 40. Palinso chinthu chimene otsatsa malonda sanena: pena njanji imalowa m'ngalande yakuya kapena pakati pa mitengo yothithikana, ndipo mumatha kuyenda makilomita ambiri mukuona tchire lokha. Komanso pa chikweza chosaoneka ndi maso chija palibe popumira. Mumapalasa osalekeza, matako osanyamuka pachishalo, ndipo ena amatopa nazo kuposa mmene ankayembekezera.

2. NJIRA ZA M'MBALI MWA MITSINJE

Izi zimazungulira zitunda potsata madzi. Zodziwika kwambiri ndi ya m'mbali mwa Danube kuchokera ku Passau kukafika ku Vienna, makilomita oposa 300, ndi La Loire à Vélo ya ku France, pafupifupi makilomita 900 mukawerengera ndi nthambi zake. Zonse ziwiri ndi mbali ya EuroVelo 6, njira yochokera kunyanja ya Atlantic mpaka ku Black Sea.

Ndalama: Apa mungawononge zochepa kwambiri kapena zambiri kwambiri, malinga ndi kagonedwe kanu. Malo okhomapo matenti ali pafupipafupi. Aliponso makampani amene amakubwereketsani njinga, kukusungirani zipinda ndi kukunyamulirani zikwama kuchoka hotela ina kufika ina, inu n'kumangopalasa wopanda katundu. Zimenezi n'zodula, makamaka mu Julayi ndi Ogasiti. Muikenso padera kandalama ka mabwato owolotsa njinga pa Danube.

Kupezeka: Palibe mtundu wina woposa uwu. Zikwangwani zili paliponse, midzi ili pafupi, ndipo sitima zonyamula njinga zimayenda m'chigwa chomwecho, kotero mwana akatopa kapena mvula ikakana kukata mumangokwera. Ku France nyumba zokhala ndi chizindikiro cha Accueil Vélo zimakhala mosapitirira makilomita 5 kuchokera panjira ndipo zili ndi posungira njinga. Ku Germany chizindikiro cha Bett+Bike chimatanthauza kuti amalandira ngakhale wogona usiku umodzi wokha.

Kasamalidwe: N'kochepa. Malo okonzera njinga ali m'tauni iliyonse. Chubu chapadera, pampu ndi zomatira zimakwana.

Zoopsa: Mphepo ndiyo chitunda cha m'chigwa. Kumadzulo kwa Ulaya imaomba kawirikawiri kuchokera kumadzulo, n'chifukwa chake ambiri amayenda Danube kulowera kum'mawa, kutsata madzi ndi mphepo yomwe. Pa Loire madzi amapita kumadzulo, ndiye wotsata madzi amakumana ndi mphepo kumaso. Pamwamba pa zipupa zotchinga madzi mthunzi umasowa. Kusefukira kumachitikanso: mu Juni 2013 mzinda wa Passau unamira ndithu. Ngozi zambiri pano zimakhala za njinga zokhazokha, pamene magulu athithikana ndipo wina waima mwadzidzidzi kuti ajambule chithunzi. M'maudzu a ku Austria muli nkhupakupa zofalitsa matenda, choncho dziyang'aneni m'miyendo madzulo alionse.

Ndinene chilungamo: amene mtima wake uli pa zitunda sakhutira ndi njira zimenezi. Minda ya mphesa ya ku Wachau, m'mbali mwa Danube ku Austria, mumaiona ili kumtunda, inu muli pansi. Mukafuna kuona dziko lonse litayala muyenera kupatuka n'kukwera nokha.

3. TIMISEWU TA PHULA TODUTSA PAMWAMBA PA ZITUNDA

Uwu ndiwo ulendo umene ambiri amaulota akamva za dziko la zitunda, ndipo ine ndimaukonda kuposa ina yonse. Timisewu timeneti tinayambira pa njira za alimi, motero timapita kumene kuli munda, tchalitchi ndi mudzi, osasamala za chikweza. Mumakwera muli wefuwefu, maso ali pa tayala lakutsogolo, thukuta likudontha pa handulo. Mukafika pamwamba, chigwa china chomwe simumachidziwa chimatseguka, nkhosa zili mbuu kutsidya, ndipo mphepo imakuumitsani malaya musanatsike.

Chitsanzo chabwino ndi Way of the Roses ya kumpoto kwa England, makilomita pafupifupi 270 kuchokera ku Morecambe kukafika ku Bridlington, yomwe inatsegulidwa mu 2010. Ili ndi mitundu yonse ya dziko: zitunda zowawa za Yorkshire Dales, chidikha chozungulira mzinda wa York, kenako tizitunda tofewa ta Yorkshire Wolds. Ambiri amaiyenda masiku atatu kapena anayi.

Ndalama: Msewu ndi waulere, koma njinga yake imafuna kuganiziridwa. Chofunika kwambiri ndi giya yopepuka: mano a kutsogolo akhale ochepa kuposa mano a giya yaikulu yakumbuyo, mwachitsanzo 26 kutsogolo ndi 34 kumbuyo. Njinga zambiri zampikisano zilibe giya yotere, ndipo kuisintha kumadya ndalama, koma n'zotsika mtengo poyerekeza ndi bondo lowonongeka. Kulemera nakonso kumalowa m'masamu. Tenti, chogonera ndi mbaula zimapulumutsa ndalama zogonera, koma kilogalamu iliyonse mumaikweza nokha chitunda chilichonse. Pachidikha katundu samveka kwenikweni. Kuno amamveka, ndipo n'chifukwa chake ambiri amasankha kugona m'nyumba za alendo atanyamula zovala zochepa.

Njinga yamagetsi imathetsa mbali yaikulu ya vutoli, ndipo yathandiza anthu achikulire ndi mabanja a mphamvu zosiyana kuyendera limodzi. Ku Ulaya injini yake imaloledwa kufika mawati 250 ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Dziwani zinthu ziwiri. Zitunda zimamaliza moto msanga kuposa mmene wogulitsa amanenera, ndipo moto ukatha mumatsala ndi njinga ya makilogalamu oposa 20. Chinanso, ndege sizinyamula mabatire oposa 160 Wh (muyeso wa moto umene batire imasunga), pamene a njinga amakhala a 400 kapena kuposerapo, ndiye ngati mukuuluka mudzachita kubwereka komweko.

Kupezeka: Timisewu totere tili m'dziko lililonse la ulimi, koma tokhala ndi zikwangwani za njinga n'tochepa. Ku Britain muli National Cycle Network, imene bungwe la Sustrans linayambitsa mu 1995, ya zikwangwani zabuluu zokhala ndi manambala. Ku Belgium, m'chigawo cha Limburg, katswiri wina wa zamigodi, Hugo Bollen, anakonza dongosolo lopatsa nambala mphambano iliyonse, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 1995. Mumalemba manambala a mphambano zanu pakapepala, kukamata pa handulo, n'kumatsata. Dongosololi linafalikira ku Netherlands konse, kuphatikizapo dera la zitunda lozungulira Valkenburg, ndi mbali zina za Germany. Kumene kulibe zikwangwani mudzadalira mapu a pafoni. Asungeni m'foni musananyamuke chifukwa m'zigwa netiweki imasowa, ndipo musakhulupirire pulogalamu imene imangosankha njira yaifupi: yaifupiyo nthawi zambiri ndi imene imakwera chitunda molunjika.

Kasamalidwe: Mabuleki ndiwo amagwira ntchito yaikulu. Nyamukani ndi timphira tatsopano, ndipo kukagwa mvula tiyang'aneni tsiku lililonse, chifukwa mchenga wonyowa umatidya ngati tupa. Potsetsereka patali musagwire buleki mosalekeza. Limu kapena disiki ikatentha buleki imafooka, choncho mangani mwamphamvu, masulani, manganinso. Masipoko a wilo lakumbuyo amaduka chifukwa cha katundu ndi kukankha kwa pokwera, ndiye mmisiri awakunge musanapite ndipo mutenge awiri apadera. Kusintha giya mukuponda mwamphamvu kumadula tcheni. Sinthani musanafike pachikweza, mwendo uli wopepuka.

Zoopsa: Magalimoto ndi ochepa koma alipo, ndipo msewu ndi wopapatiza, wokhotakhota, nthawi zina wotchingidwa ndi mipanda ya zitsamba kapena ya miyala moti simuona chimene chikubwera. Nthawi yokolola mathirakitala amadzaza msewu wonse n'kusiya matope pa phula. Potsetsereka ndi pamene pamavulaza anthu. Pa Way of the Roses, chikweza chotuluka m'tauni ya Settle chimangotopetsa, koma kutsika Greenhow Hill kulowa ku Pateley Bridge kwavulaza apanjinga ambiri, ena mpaka kumwalira. Pamalo otere kutsika n'kuyenda pansi si manyazi. Kumbukiraninso mbali yoyendera: ku Britain ndi ku New Zealand amayenda kumanzere, ku France, Italy, Belgium ndi America kumanja, ndipo munthu amasokonezeka m'mawa pochoka pamalo ogona kapena pokhota pamphambano yopanda galimoto. Ku New Zealand lamulo limakakamiza kuvala chipewa choteteza mutu.

4. MISEWU YA FUMBI NDI TINJIRA TA M'MINDA

Ku Tuscany m'dziko la Italy kuli misewu yoyera ya miyala imene eni ake amaitcha strade bianche. Mu 1997 Giancarlo Brocci anayambitsa L'Eroica, mwambo wopalasa njinga m'misewuyi, ku Gaiole in Chianti, mwa zina pofuna kuti misewuyi isathiridwe phula. Mwambo wake umachitika mu Okutobala pa njinga zakale, koma njira yake ya makilomita 209 ili ndi zikwangwani chaka chonse ndipo aliyense angaiyende pa njinga iliyonse. Imakwera mamita oposa 3,500, kutanthauza oposa 16 pa kilomita, ndipo pafupifupi theka lake ndi fumbi. Ku England kuli King Alfred's Way, makilomita 350 ozungulira kuchokera ku Winchester, imene bungwe la Cycling UK linakhazikitsa mu 2020. Imadutsa pafupi ndi Stonehenge ndi Avebury.

Ndalama: Uwu ndiwo mtundu wodula pa zipangizo. Mufunika matayala a mamilimita 40 mpaka 50, ndipo ambiri amasankha opanda chubu, othiramo madzi omata amene amatseka okha tibowo ting'onoting'ono. Zikwama zomangirira pafelemu zimagwedezeka pang'ono kuposa zopachika pa kaliyala. Ubwino wake ndi woti njira ziwiri zatchulidwazi n'zozungulira, motero simulipira galimoto yokubwezani.

Kupezeka: Kumadalira nyengo kwambiri. Ku Tuscany miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi, Seputembala ndi Okutobala. King Alfred's Way ilibe zikwangwani zakezake, mumatsata mzere pafoni kapena pa GPS. Sitolo ndi mipope ya madzi zimatalikirana, ndiye mabotolo awiri akhoza kuchepa.

Kasamalidwe: Walira mvula walira matope. Fumbi limadya tcheni, mano a magiya ndi mabuleki mofulumira kuposa phula, ndipo kugwedezeka kumamasula mabawuti, makamaka a kaliyala. Madzulo alionse muyenera kupatula mphindi zingapo zoyendera njinga yonse ndi sipanala. Makande akanyowa amamatirira kutayala mpaka wilo kukana kuzungulira, ndipo mumakhala mukutokosa ndi kamtengo pa mamita 100 alionse. Muyenera kudziwa nokha kumata tayala long'ambika ndi kulumikiza tcheni, popeza mmisiri ali kutali.

Zoopsa: Pa miyala yosagwirana tayala lakutsogolo limaterera pokhota, makamaka potsika. Dothi la choko la kumwera kwa England likanyowa limaterera koopsa, ndipo miyala yake yakuthwa imacheka matayala. Ku Salisbury Plain asilikali amaphunzirira kuwombera, choncho mbendera zofiira zikakwezedwa musapatuke panjira yololedwa. M'madera a nkhosa ku Italy muli agalu akuluakulu oyera olondera ziweto. Mukakumana nawo tsikani, ikani njinga pakati pa inu ndi galuyo, ndipo yendani pang'onopang'ono kutali ndi nkhosazo. Mukagwa kuno chithandizo chimachedwa, motero wina adziwe kumene mwalowera ndi nthawi imene mukuyembekezeka kufika.

NDANI ASANKHE ITI

Ngati ndi ulendo wanu woyamba wa masiku angapo, kapena muli ndi ana, yambani ndi njanji yakale. Vennbahn ndi yabwino kwa ofuna phula, Otago kwa ofuna dziko lotakata la anthu ochepa.

Ngati m'gulu mwanu muli wina amene thanzi lake silodalirika, kapena simudziwa kukonza njinga, tsatani mtsinje. Sitima yoyenda pambali panu ndi chitetezo chimene mitundu ina itatu ija kawirikawiri ilibe, ndipo amphamvu angathe kupatuka masana kukakwera zitunda n'kukumana ndi anzawo madzulo.

Ngati ndalama n'zochepa ndipo mukufuna kugona m'tenti, mtsinje kapena njanji ndiye zoyenera, chifukwa katundu wolemera savutitsa pamenepo.

Ngati mwazolowera kupalasa makilomita 60 masiku awiri otsatizana ndipo chimene mukufuna ndi kuona dziko muli pamwamba, tengani timisewu ta phula, ndi giya yopepuka ndi katundu wochepa. Mwamuna ndi mkazi kapena abwenzi amene mphamvu zawo n'zosiyana angayende mtundu womwewu wina atabwereka njinga yamagetsi.

Fumbi lisiyireni amene anayendapo kale ulendo wa zitunda, amene amatha kukonza njinga yake yekha, ndiponso amene masiku ake angasunthe ngati mvula yagwa sabata yonse. Amene akufuna kulawa kaye angayende chigawo chimodzi cha L'Eroica kuchokera ku Gaiole, wopanda katundu, n'kubwerera kukagona komwe anayambira.